Kumasula Belo: Za Liu la Chingerezi Loti "Bale"

Mwa mau onse amene Chicheŵa chidabwereka ku Chingerezi, ndi oŵerengeka okha amene adazika mizu monga lidachitira liu loti belo. Mlimi wa ku Kasungu akafuna kukuuzani m'mene chaka chamuyendera, satchula maekala kapena makilogalamu ai. Amangoti, "Ndadinda mabelo asanu," ndipo inu mwamva zonse. Mai wogulitsa zovala pa msika wa Limbe akalengeza kuti maŵa atsekula belo, anthu amalaŵirira mbandakucha. Mwini golosale amaoda shuga pa belo, kutanthauza mapaketi 20 a kilogalamu imodzi imodzi okutidwa pamodzi. Ndiye palinso munthu uja wagona m'chitokosi, amene achibale ake ali yakaliyakali kumfunira belo. Mwana wa sukulu waŵamva mau onseŵa chibadwire, koma tsiku limene mudzamuuze kuti aŵalembe m'Chingerezi, mudzaona "bale", "bail" ndi "bell" zitasakanizika ngati mpunga ndi mchenga. Nkwapafupi kumdzudzula mwanayo, koma chisokonezo chimenechi sadachiyambe ndi iye. Eni chiyankhulo nawo chimaŵazunguza, ndipo pali zifukwa zake.

Tiyambe ndi gwero. Liu loti "bale", lonena za katundu womangidwa, lidaloŵa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale. Akatswiri a mbiri ya mau amati Afalansawo nawonso adalitola ku ziyankhulo za Chijeremani, kumene linali pachibale ndi liu limene lero ndi "ball", ndiye kuti mpira. Tsono poyamba penipeni belo linali chinthu chobulungira, nsalu kapena malonda ena okulungidwa ndi kumangidwa zolimba. Belo la ngodya limene talizoloŵera ife lidadza pambuyo pake, makina opanikiza katundu atafala. Popeza ndi liu la amalonda, lidayenda nawo kulikonse: Ajeremani amati "Ballen", Ataliyana amati "balla", m'Chiafrikaansi ndi "baal", ndipo Mfalansa akamalongedza katundu amati "emballer". Ife titalilandira tidaliveka lembo la o kumapeto, chifukwa phatikizo la Chicheŵa silithera pa lembo lopanda liu. Wophunzira woŵerenga zilembo monga timachitira kwathu kuno amalitchula "ba-le", ngati tsinde la mau oti m'bale ndi ubale. Kufananako nkwa maso chabe. Palibe ubale uliwonse pamenepo.

Mukatsekula dikishonale yabwino mudzapeza kuti "bale" adamlemba kaŵiri kapena katatu. Pali "bale" wina, wakale kuposa wa katunduyu, wochokera ku liu la Chingerezi chamakedzana loti "bealu", lotanthauza tsoka kapena choipa. Payekha adafa kale m'kamwa mwa anthu, koma adasiya mwana, "baleful", amene ophunzira amakomana naye m'mabuku a ndakatulo ndi nthano, ponena za diso loopseza kapena chinthu chobweretsa tsoka. Wophunzira woganiza bwino angathe kulingalira kuti "baleful" ndi chinthu chodzaza mabelo, monga "handful" ndi chodzaza dzanja. Kuganiza kwake nkolongosoka, yankho lake ndiye lolakwa, ndipo mphunzitsi ayenera kumuuza zonse ziŵirizi.

Chosangalatsa kwambiri ndi "bail" wa ku bwalo la milandu. Ameneyu amatchulidwa chimodzimodzi ndi "bale", koma makolo ake ndi ena. Adadzera ku Chifalansa chakale, kumene ankatanthauza kupereka chinthu kapena munthu m'manja mwa wina kuti amsunge, ndipo Chifalansacho chidamtenga ku liu la Chilatini loti "bajulus", munthu wonyamula katundu, amene makolo athu akadamutcha mtengatenga. Onani m'mene zinthu zidatembenukira: liu la katundu lidachokera ku mpira, pamene liu la ku khoti ndilo lidachokera kwa wosenza katundu. Komabe tanthauzo lake nlomveka, pakuti munthu woimira mnzake pa belo wavomera kumsenza, kulonjeza kuti adzaonekera pa tsiku la mlandu. Liu loti "bailiff", mkulu wolanda katundu pa lamulo la khoti, ndi la banja lomwelo. Palinso "bail" wachitatu, wokapa madzi m'bwato, wochokera ku liu la Chifalansa la chidebe. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, woyendetsa ndege wa ku Britain akalumpha m'ndege yoyaka, anzake ankalemba "bale out", ngati kuti waponyedwa pansi monga belo la katundu, pamene a ku America ankalemba "bail out", ngati madzi okapidwa. Mpaka lero malembedwe onse aŵiri akupezeka, ndipo "bailout", kupulumutsa banki kapena kampani yomira ndi ndalama za boma, idamveka dziko lonse mu 2008.

Chicheŵa chidaŵalandira mau aŵiriŵa pa khomo limodzi, koma khutu lakuthwa limamva kuti ambiri amaŵasiyanitsa ndi agwirizanitsi. Timati belo la fodya, belo lolemera, mabelo atatu. Koma za kupolisi ambiri amati belo ndi yaulere, ndipo simudzamva munthu akuti wapatsidwa mabelo. Palibe komiti imene idakhala pansi kukonza zimenezi. Adakonza ndi anthu oyankhula. Ndipo popeza tafika pa mfundo imeneyi, achinyamata amene mwangotsiriza sukulu musaiŵale kuti mau aja ndi oona: belo ya kupolisi silipiridwa. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limanena kuti munthu womangidwa aonekere pa khoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti ali ndi ufulu womasulidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha chilungamo chitafuna kuti asungidwe. Wina akakuuzani mtengo wa belo pa kauntala ya polisi, wasokoneza "bail" ndi "bale" moipa kuposa mwana wa Fomu 1.

Tibwerere ku katundu. Funso loyenera kufunsa nlakuti: bwanji tidabwereka liuli, chikhalirecho tili ndi mau athu ochuluka? Tili ndi mtolo wa nkhuni kapena wa udzu, phukusi la pa ulendo, mpukutu wa mphasa, chikwatu cha ndiwo zouma, mulu wa mbatata pa msika. Yankho lake nlakuti palibe ndi limodzi lomwe mwa mau ameneŵa limene limanena chimene belo lili. Mtolo suubisa kanthu. Aliyense amaona nkhuni zake, naŵerenga ngati afuna. Phukusi limabisa, koma ndi la mwini wake, womanga ndiye womasula, nchifukwa chake akulu adati phukusi la moyo umasunga wekha. Belo ndi losiyana ndi zonsezi. Limapanikizidwa kuti lichepe, limakutidwa kuti lisaoneke m'kati, limayesedwa pa sikelo, limalembedwa nambala, ndipo limapangidwira ulendo wautali wopita kwa munthu amene womangayo sadzamuona konse. Womanga ndi wina, wonyamula ndi wina, womasula ndi winanso. Chinthu chotere kunalibe m'mudzi wa makolo athu, kumene wogula ndi wogulitsa ankayang'anana m'maso. Chidadza ndi malonda a kutsidya kwa nyanja, ndipo dzina lake lidadza nacho.

Chifukwa choti limayesedwa, belo lidasanduka muyeso, koma ndi muyeso wonyenga. Aphunzitsi a masamu ndi a jogalafe achenjere pano. Ku America poŵerengera thonje, belo limodzi ndi mapaundi 480, amene ndi makilogalamu pafupifupi 218. Ku India belo la thonje lomwelo ndi makilogalamu 170. Belo la fodya la kwathu kuno limazungulira pa makilogalamu 100, pamene la kaunjika lofala kwambiri ndi la makilogalamu 45. Munthu akakuuzani kuti dziko lakutilakuti lidakolola mabelo ochuluka kuposa linzake, asanakuuzeni kulemera kwa belolo, sadakuuzeni kanthu.

Mbiri yolemera kwambiri ya liuli ndi ya thonje. Eli Whitney atapanga makina ochotsa njere m'thonje mu 1793, ulimi wa thonje kumwera kwa United States udakula modabwitsa. Pofika 1860 dzikolo linkakolola mabelo pafupifupi 4 miliyoni pa chaka, ndipo kalembera wa chaka chomwecho adapeza akapolo pafupifupi 4 miliyoni. Sikuti kapolo aliyense ankalima thonje, koma manambala aŵiriŵa akaima pamodzi amanena zambiri. Mabelo amenewo ankakwezedwa pa madoko monga New Orleans, nkutsitsidwa ku Liverpool, nkukaloŵa m'mafakitale a ku Manchester ndi madera ena a Lancashire. Woluka nsalu wa ku Lancashire ankaona belo loyera lokhala ndi nambala. Chikwapu chimene chidagwa pa msana wa wotola thonjeyo sankachiona. Ubwino wa belo kwa amalonda ndi womwewo: limafika lopanda nkhope. Nkhondo ya pachiŵeniŵeni itabuka ku America mu 1861, mabelo adaleka kufika, mafakitale ambiri adaima, ndipo anthu zikwizikwi a ku Lancashire adasoŵa ntchito ndi chakudya.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi ife monga ikuonekera. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zao. Maganizo ake anali oti thonje la m'chigwa cha Shire, lolimidwa ndi mfulu, likadzaza misika ya ku Britain, thonje la akapolo a ku America lidzasoŵa wogula, ndipo malonda a anthu kuno nawo adzafota. Maloto amenewo sadatheke m'masiku ake, ndipo boma la Britain lidauitanitsa ulendowo mu 1863. Koma pa nthaŵi yomweyo panali mabelo ena amene ankayenda chobwera. Amalonda ochokera ku gombe la kum'maŵa ankaloŵa m'kati mwa Afrika ndi mizere ya anthu osenza mabelo a nsalu, ina mwa izo yoyera ya ku Massachusetts imene Aswahili ankaitcha "merikani". Nsalu imeneyo ndiyo inali ndalama. Ankagulira chakudya, ankalipirira njira kwa mafumu, ankagulira minyanga ya njovu, ndipo ankaguliranso anthu. Tangoganizani: thonje lotoledwa ndi kapolo ku America, litaombedwa nsalu, lidaoloka nyanja kudzagula kapolo wina kuno. Pambuyo pake, m'nthaŵi ya atsamunda, nsalu za m'mafakitale zidagonjetsa nsalu zoomba pamanja, ndipo alimi a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima adatsala ndi mbali imodzi yokha ya ntchito: kulima thonje loti likadindidwe m'mabelo ndi kutuluka.

Kwa Mmalaŵi wa lero belo lenileni ndi la fodya. Ndi anthu ochepa a m'tauni amene amadziŵa kuti m'belo limodzi muli miyezi ingati. Pali nazale yothirira m'chilimwe, kuokera ndi mvula yoyamba, kupalira, kuthena, kuthyola masamba kuyambira pansi, kusoka ndi kupachika m'chigafa, kenaka ntchito yofuna maso, yosankha masamba monga mwa mtundu, utali ndi ubwino wake, ndi kuŵamanga ndindi. Zonsezi zitatha mpamene ndindizo zimasanjidwa m'bokosi, jeke nkuzipanikiza, chiguduli nkusokedwa, nambala ya mlimi nkulembedwa. Kuchokera pamenepo fodya uja salinso m'manja mwake. Msika wa okushoni udayamba ku Limbe mu 1938, wa ku Kanengo mu Lilongwe udatsekulidwa mu 1979, ndipo pambuyo pake padadza wa Mzuzu ndi wa Chinkhoma ku Kasungu. Alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima fodya wa bale (ameneyo ndi "burley", liu linanso losakhudzana ndi lathuli) kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuchokera mu 2012 fodya wambiri amagulidwa pa mgwirizano wa mlimi ndi kampani. Njira zasintha, koma mphindi yoopsa ikadali yomweyo: chiguduli chimasomoledwa, wogula amasolola ndindi zingapo, nkuziyang'ana kanthaŵi kochepa zedi, ndipo thukuta la chaka chonse lapatsidwa mtengo.

Apa mpamene pagona nkhani ya chikhulupiriro. Wogula sangamasule belo lililonse mpaka pansi, tsono amadalira kuti zam'kati zikufanana ndi zapamwamba. Alimi ena, podziŵa zimenezi, amabisa masamba oipa pakati, ena amaikamo ngakhale zinthu zolemera zosakhala fodya, ndipo ena mwa kusasamala chabe amasiyamo timapepala ta pulasitiki, zingwe ndi nthenga za nkhuku. Belo lotere likagwidwa limabwezedwa, mwini wake nkulipiranso ulendo ndi ntchito yosankha kachiŵiri. Choipitsitsa nchakuti wogula amene wanyengedwa kamodzi amatsitsa mtengo wa mabelo a anthu osalakwa, kudzitchinjiriza. Mlimi wachinyengo amabera mnansi wake kuposa m'mene amaberera kampani. Koma chilungamo chisafunidwe mbali imodzi yokha. Mlimi naye amalandira belo lake lotsekedwa, ndilo pepala la malonda lija lodzaza manambala: mtengo m'madola, ndalama za galimoto, za chiguduli, za msika, za bungwe, msonkho, ngongole ya feteleza. Ngati iye ayenera kuonetsa zam'kati mwa chiguduli, amene amadula ndalama zake nawo ayenera kufotokoza mzere uliwonse momveka. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Fomu 4 nabwerera kumudzi ali ndi ntchito yomuyembekeza pamenepa, yokhala pansi ndi makolo ake kuŵerenga pepalalo mzere ndi mzere.

Palinso china chimene chiguduli chimabisa, chofanana ndi chija chinkabisika kwa woluka nsalu wa ku Lancashire. Mu Novembala 2019 akuluakulu a kasitomu a ku United States adalamula kuti fodya wochokera ku Malaŵi aziimitsidwa pa madoko ao chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi ntchito ya ana, ndipo pambuyo pake adamasulira makampani ena amene adapereka umboni wokhutiritsa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito nkuthetsa utenanti. Aphunzitsi a m'madera a fodya safunika lipoti la kunja kuti adziŵe zimenezi. Amadziŵa miyezi imene mabenchi amakhala opanda anthu. Masiku ano wogula wa kutali wayamba kufunsa manja amene adasankha masambawo, funso limene kale silinkafunsidwa.

Tsono belo lachitatu, la kaunjika. Nchochititsa chidwi kuona m'mene mitundu yosiyanasiyana idatchulira malonda amodzi omweŵa. Ife tidayang'ana mulu, tidati kaunjika. Anzathu a ku Zambia adayang'ana manja a wogula akufufuza m'mulumo, adati salaula, dzina limene Karen Tranberg Hansen adapatsa buku lake la mu 2000 lofotokoza malondaŵa. Aswahili adayang'ana belo lenilenilo, adati mitumba, ndipo Ashona a ku Zimbabwe adabwereka liu lomwe tidabwereka ife, amati mabhero. Ku Mozambique amati "calamidade", pokumbukira zovala za chithandizo za m'nthaŵi ya masoka. Zovalazi zimatoledwa m'maiko olemera, kusankhidwa m'magulu, kupanikizidwa, kumangidwa ndi malamba, nkubwera pa sitima kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Wogula pano saloledwa kusuzumira. Amaŵerenga kapepala kapamwamba, nkupereka mpamba wake wonse, nkukatsekulira kunyumba mtima uli phaphapha. Mwina apezamo malaya abwino okwanira kubweza ndalama ndi phindu; mwina apezamo majuzi a m'chisanu cha ku Ulaya ndi nsanza zosagulika. Mlimi wa fodya akabisa zoipa belo lake limabwezedwa. Mai wa kaunjika akapeza zoipa alibe kobweza. Womanga belolo ali kutsidya kwa nyanja.

Ena mwa ophunzira bwino amakonda kunyoza kaunjika ndi kufuula kuti aletsedwe lero lomwe. Ine sindili nawo. Kaunjika waveka ana amene akadayenda ausiŵa, walipira fizi, ndipo wapatsa ntchito atelala amene amachepetsa ndi kukonza zovalazo. Maiko a kum'maŵa kwa Afrika adagwirizana mu 2016 kuti athetse malondaŵa pofika 2019, koma United States itaopseza kuŵachotsera mwai wa malonda wa AGOA, ambiri adabwerera m'mbuyo. Rwanda idaumirira, ndipo mu 2018 zovala zake zidachotsedwa pa mwai umenewo. Kuletsa kuli ndi mtengo wake, ndipo woyamba kuulipira ndi mmphaŵi. Komanso si kaunjika yekha adafooketsa mafakitale athu. Nsalu zatsopano zotsika mtengo za ku Asia, kukwera mtengo kwa zipangizo ndi mavuto a magetsi zili ndi mbali yake. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene kuchokera mu 1967 inkaomba nsalu ndi thonje la kuno, idagulitsidwa mu 2003, malonda a nsalu atasintha kale nkhope.

Ngakhale zili choncho, sitingatseke maso pa njira imene mabelo amayendera. Otuluka ali ndi zinthu zosakonzedwa, thonje ndi masamba a fodya; oloŵa ali ndi zinthu zokonzedwa, zogwiritsidwa kale ntchito ndi anthu ena. Phindu lalikulu la thonje lili pakati pa mabelo aŵiriŵa, pa kupota, kuomba, kunyika utoto, kudula ndi kusoka, ndipo ntchito zonsezo, zimene zikadalemba achinyamata otuluka m'sukulu zathu chaka ndi chaka, zimachitikira kwina. Nkotheka ndithu kuti malaya amene mtsikana wa ku Balaka wasankha pa mulu ali ndi ulusi wa thonje la ku Afrika, lobwerera kwao litavalidwa kale. Tsiku limene boma, mabanki ndi sukulu za ntchito zamanja zidzaike mtima pa gawo la pakatilo, funso loletsa kapena kusaletsa kaunjika lidzachepa mphamvu lokha.

Kwa aphunzitsi anzanga a Chingerezi, pempho langa ndi laling'ono. Mukafika pa mau otchulidwa mofanana, musangolemba "bale" ndi "bail" pa bolodi nkuuza ana kuti aloŵeze. Afunseni amene adaonapo jeke ikudinda fodya, amene mai ao amatsekula belo, amene adamvapo za belo ya kupolisi. M'kalasi la ana 60 simudzasoŵa mboni za zonse zitatu. Kenaka auzeni za mpira ndi za mtengatenga wa Chilatini uja, ndipo malembedwewo adzakhazikika okha. A Chicheŵa nawo asavutike kufunafuna liu lathulathu loloŵa m'malo mwa belo. Mukauza mlimi kuti wagulitsa mitolo isanu ya fodya, adzayesa kuti mukunena ndindi, ndipo adzakwiya kuti mwamchepetsera zokolola.